Abiti Jafali ndi mchombo umene unakana kugwa

Achemwali anga, Abiti Jafali, tinawaika m'manda mwezi wathawu, kuseri kwa mzikiti wa kwathu kuno kutsidya kwa Shire. Sadaka ya arobaini, ya tsiku la makumi anayi chimwalirireni, yayandikira, ndipo anthu ayamba kale kuwakonzera mbiri. Pamaliro ndinamva wina akunena kuti anali mayi wofatsa. Ndinayang'ana pansi. Akanakhala kuti akumva, akanadzuka n'kumufunsa munthuyo kuti anawaona liti akufatsa. Ndiye ndati ndilembe ndekha ndi dzanja langa lolemerali, anthu asanawasandutse munthu wina.

Pali chifukwa chinanso. Pakhomo pawo patsala Hawa, mwana wa malemu mlongo wathu wamng'ono, ndi kamtsikana kake kodwaladwala, Mariamu. Kwa zaka zingapo achemwali ndiwo anali mpanda wa Hawa. M'mudzi muno muli anthu amene amakhulupirira kuti Hawa anapha mwana wake woyamba ndi kudwalitsa wachiwiriyu chifukwa choyenda ndi amuna ena. Anthuwo anangotseka pakamwa poopa lilime la Abiti Jafali. Lilimelo tsopano lili m'manda. Kuti dzina la Hawa likhale loyera, zitengera ngati zimene achemwali ankanena zikumbukika.

Anali munthu wamfupi, wa miyendo yopindika pang'ono, woyenda ngati wachedwa kwinakwake. Ambulera sinkachoka m'manja mwawo, kaya kuli mvula kaya kulibe, ndipo ntchito yake yaikulu inali kulozera anthu. Atapuma ntchito ya unamwino, amayi ankabwerabe ndi ana pakhonde pawo. Chilonda ankachinunkhiza asanachiyang'ane. Ankawerama, n'kukoka mpweya, kenaka n'kugamula kuti ichi n'cha sopo ndi madzi a mchere, koma ichi n'cha kuchipatala lero lomwe, osati mawa. Asodzi osuta fodya ankawakalipira mpaka kuwatsatira kudooko, chonsecho kabotolo kawo ka fodya wam'mphuno kali pamfundo ya chitenje. Ukawafunsa ankati wawoyo ndi fodya wa anthu opuma ntchito. Matenda a shuga anawapeza nawo kalekale, koma tiyi wopanda shuga ankati ndi madzi otsukira mbale.

Anakwatiwa kawiri, ndipo amuna onse awiri anachoka okha. Wachiwiriyo anachita kusiya ndi njinga yomwe. Mwana sanabereke. Amayi ena akapsa mtima ankawabaya pamenepo, ati munthu wosabereka angadziwe chiyani za uchembere. Iwo ankayankha kuti ambiri m'mudzi muno anawaona asanavale kanthu, ndipo wofuna umboni abwere amuuze mmene analirira tsiku lobadwa. Ine ankanditchula Saidi, dzina langa, ngati ndikadali kamnyamata. Ankati "a mwini mbumba" pokhapokha akafuna kundinyoza.

Mwini mbumba ndinalidi. Mlongo wathu wamng'ono atamwalira, Hawa anatsala m'manja mwanga monga mjomba wake. Atakula ndinaona kuti n'chanzeru akwatiwe ndi mwana wanga Idrisa. Ukwati wa chisuweni si wachilendo kwathu kuno. Makolo ankautama, ankati ulemu sutuluka pakhomo, ndiponso mkamwini amene ndi mwana wa mjomba sathawa ukwati. Achemwali sanatsutse. Izi ndikuzilemba dala, chifukwa ena ayamba kunena kuti iwo anaoneratu zonse. Sanaone kanthu. Paukwatiwo anavina kuposa atsikana.

Idrisa anapita ku Joni kukagwira ntchito monga amachitira anyamata ambiri a kuno, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Mwana wawo woyamba anali wamwamuna. Anabadwira kuchipatala bwinobwino, nabwera kudzalowa m'chikuta. Mwambo wathu ndi woti mayi ndi khanda amabindikira m'nyumba mpaka mchombo utagwa, ndipo pamenepo mwana amatulutsidwa kuti anthu amuone. Kawirikawiri sizitenga nthawi. Koma wa mwana uyu masabata anapita uli chikhalire, pamwamba pouma, patsinde pofiira. Amayi achikulire anapakapo zimene amadziwa, phulusa, mwaye, mafuta. Nthawi imeneyo achemwali anali ku Katuli kukadwazika mnzawo wakale wa kuntchito. Pobwera anapeza kamimba katatupa, thupi likutentha. Anathamanga naye, koma mwanayo sanabwerere.

Pamaliro a khandalo achemwali anakalipira Hawa pamaso pa amayi onse. Anati mwanayo waphedwa ndi uve, ndipo mayi amene amalola kuti pamchombo apakepo za pamoto alibe nzeru. Hawa anali kamtsikana, mawere akutuluka mkaka wopanda woyamwa.

Ena anali ndi tanthauzo lawo. Akazi anga, amake Idrisa, ankati mchombo sukana kugwa popanda chifukwa. Ankati ndi ndaka, matenda amene amagwira khanda ngati mmodzi wa makolo ake wayenda njira zokhota, amene Achewa amati tsempho. Ndipo poti Idrisa ali kutali, ankafunsa, ndani analowa m'nyumbamo? Kuti Idrisayo ku Joni akukhala bwanji, funsolo silinkafunsidwa. Ine ndinakhalapo pa mlandu wotere ndili mwamuna wa nyumba yoyamba, ndipo ndikudziwa mmene umathera. Za nyumba imeneyo sindilemba pano.

Hawa atatenganso pakati, achemwali anakulunga mphasa yawo n'kusamukira kwa iye. Ankagona chopingasa pakhomo la kuchipinda. Mwana atabadwa, wamkazi, sanalole munthu aliyense kukhudza mchombo. Ankausamalira okha ndi mankhwala a kuchipatala, nsalu akuchita kuwiritsa. Ankafuna kuonetsa mudzi wonse mmene khanda limasamalidwira.

Mchombo sunagwe.

Patsinde panayamba kufiira, kufiirako n'kumakula ngati moto wa m'thengo. Achemwali ananunkhiza, osamva kanthu. Anafinya pang'ono, osatuluka kanthu. Pambuyo pake anandiuza kuti pa moyo wawo wonse chilonda sichinawaopsepo ngati chimenecho. Chilonda chokwiya chotero chimayenera kukhala ndi mafinya. Ichi chinali chouma, chaukhondo, koma chikudya mwana.

M'mawa umenewo ndinali pansi pa mtengo wa mango ndikusoka matchera anga ophera nsomba. Ndinaona achemwali akutuluka m'nyumba, khanda atalifungatira, Hawa ali pambuyo ndi kachikwama. Amake Idrisa anataya tsache n'kukaima pachipata.

"Alamu, mwana mukupita naye kuti? Mchombo sunagwe."

"Ndaona. Maso ndili nawo."

"Ndiye mukufuna mphepo ya anthu imumalize? Amene akudziwa chomwe chamanga mchombowo ali kumbuyo kwanuko. Aulule, muona ugwa lero lomwe."

Hawa analankhula motsitsa. "Amayi, ine ndiulule chiyani?"

"Usandifunse ine. Ndinalipo?"

"Amene analipo ndine," anatero achemwali. "Ndagona pakhomo la mtsikanayu kuyambira mimba isanaoneke bwino. Ngati munalowa mwamuna, ndiye kuti anadumpha ine. Tandiyang'anani. Mukuona ngati ndine wodumphika?"

Amayi amene anayamba kusonkhana anabisa kuseka m'zitenje. Kenaka ambulera ija inaloza ine.

"A mwini mbumba, mwangoti duu ngati usipa wa pathandala. Kaitaneni akabaza awiri."

"Achemwali, mwambo uja..."

"Mwambowo wadya kale mmodzi. Ukudikira ukhute? Thamanga, Saidi."

Ndinathamanga, nkhalamba ndi mawondo anga. Mpaka lero amake Idrisa amati tsiku limenelo ndinasankha mlongo wanga kusiya mkazi wanga. Sanama.

Kuchipatala cha paboma anamubaya mwanayo mankhwala, namutenga magazi. Anapeza kuti maselo oyera, aja pawailesi amawatcha asilikali a m'thupi, ndi ochuluka modabwitsa. Zinali zosamveka. Asilikali ambiri chotero, koma pachilonda palibe nkhondo. Anawatumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Kumeneko anakhalitsa. Achemwali, amene anathera moyo wawo akulamula m'mawodi, ankagona pansi pambali pa bedi monga gadiyani wina aliyense, ndipo ndikumva kuti anakangana ndi aliyense wokolopa. Mchombo unagwera komweko, mwezi utadutsa kale. Mwanayo anamutcha Mariamu.

Dokotala wa ana, mayi wachitsikana, ndiye anaganizira chimene chingakhale. Magazi anawatumiza kunja kwa dziko, ndipo yankho linachedwa kubwera. Achemwali sanabise kuti matendawa sanawamvepo chibadwire. Anandiuza kuti anamuvutitsa dokotalayo, kumufunsa kuti abwereze, ajambule, abwerezenso, mpaka iwo atatha kuzinena m'mawu oti msodzi angamve. Msodzi woyesererapo ndinali ine.

Atabwerako ananditengera pamlatho wa Shire dzuwa lili pamutu, akabaza akutiimbira mabelu kuti tipatuke. Anati magazi amapangidwa m'kati mwa mafupa, m'mafuta aja timayamwa tikamadya nyama. M'menemo muli timbewu ta magazi, timene timakhala titagwira makoma a kwawo ndi timanja tosaoneka ndi maso, topangidwa ndi mapuloteni. Tikakhwima timataya pogwirapo n'kulowa mumtsinje wa magazi. Ena mwa olowawo ndi asilikali aja. Koma ntchito ya msilikali siili mumtsinje, ili kumtunda kumene kuli chilonda. Choncho amayenda m'mphepete, akukhudzakhudza khoma la mtsempha. Pafupi ndi chilonda khomalo limatulutsa pogwira. Msilikali amakola pamenepo ndi timanja take, n'kuima, n'kudzipanikiza mpaka atatulukira kunja. Mafinya, anatero, ndi mitembo ya asilikali amene anafika pankhondo. Ndipo asilikali omwewo ndiwo amathandiza kudula tsinde la mchombo kuti ugwe.

"Taona bwato ilo," anatero, akuloza pansi pa mlatho. "Ulilande nkhafi. Ulilande chingwe. Anthu ali m'menemo aone nyumba yawo ikupsa kumtunda. Atani?"

"Agwira bango."

"Manja alibe."

"Ndiye adutsa."

"Adutsa akuona. Abwere ena, adutsanso. Asilikali a Mariamu ndi ambiri kuposa ako, Saidi. Mafupa ake akungotumiza, akungotumiza. Koma pogwirira alibe."

Ndinafunsa kuti manjawo anawadula ndani. Anati palibe, anabadwa choncho. Chilemacho chimabisala m'mtundu, munthu n'kukhala nacho moyo wake wonse osadwala. Chimaonekera pokhapokha mwana akachilandira mbali zonse ziwiri, kwa bambo ndi kwa mayi, ndipo n'chosowa kwambiri moti anthu awiri osadziwana sakumana nacho kawirikawiri.

"Hawa anachitenga kwa mlongo wathu," anatero. "Nanga Idrisa anachitenga kwa yani?"

Ndinagwira chitsulo cha mlatho. Chinali chotentha, koma sindinachisiye. Maganizo anga anapita ku timanda ta makanda a nyumba yanga yoyamba ija, timene sindipitako.

"Ndikudziwa kumene wapita," anatero achemwali. "Zimenezo ukakambe ndi Mulungu. Ine ndikufuna pakamwa pako Lachisanu."

Lachisanu limenelo kunali mlandu. Amake Idrisa anali atamuimbira foni mwana wawo kambirimbiri, ndipo Idrisa anabwera kuchokera ku Joni ndi mtima wopereka talaka, kumusiya Hawa. Titatuluka mumzikiti tinasonkhana pakhomo panga, ankhoswe, a shehe, amayi atakhala mbali yawo. Hawa anakhala payekha, Mariamu ali pamiyendo.

Achemwali anafotokoza za bwato lija. Anthu anamvetsera mwaulemu, monga timamvetserera alangizi a zaulimi, koma nkhope zinkaonetsa kuti sizikulowa. Mkulu wina wa kuchimuna anakonza kummero.

"Abiti Jafali, makolo athu ankakwatirana pachisuweni. Bwanji ife tilipo? Bwanji sitinathe?"

Iwo anavomera kuti funsolo n'labwino. Anati si banja lililonse lili nacho chilemachi, ndipo ngakhale m'banja limene chili, si mwana aliyense amachilandira mbali zonse. Ambiri amapulumuka. Kenaka anapempha kuti aliyense, mumtima mwake, akumbukire makanda a mbumba yathu amene anafera m'chikuta mchombo usanagwe, ndi akazi amene anapitikitsidwa pambuyo pake. Anati asatchule maina, angokumbukira. Nkhuku yokha ndiyo inkapalasa.

"Mukufuna wolakwa," anatero. "Palibe. Koma ngati simungagone popanda munthu womusenzetsa, magaziwa ndi a Che Jafali, bambo athu, kapena a mayi athu. Ndi anga. Ndi a mwini mbumba akhala apawa. Ine Mulungu sanandipatse ana, mwina anandichitira chifundo ine osadziwa. Mlendo akanalowa m'nyumba ya Hawa, mwanayu bwenzi ali bwinobwino."

Idrisa anadzutsa mutu. "Ndiye azakhali, mukuti ndine ndinadwalitsa mwana?"

"Ndikuti ndiwe bambo wake. Kumva kumakuvuta ngati atate ako."

Ena anaseka, Idrisa sanaseke. Pamenepo achemwali anachita chinthu chimene sindinachionepo, ndipo sindinachionenso. Anayenda mpaka pamene panali Hawa, nagwada ndi mawondo awo ovutawo.

"Mwana wanga, pamaliro aja ndinati unapha mwana ndi uve. Amayi onsewa anamva. Ndiye amvenso izi. Wachiwiriyu ndinamusamala ine ndi manja anga, ndipo zinachitika chimodzimodzi. Zopakapaka zija n'zoipa, sindibweza mawu pamenepo. Koma si iwe unamupha. Ndinalakwa."

Hawa analira kwa nthawi yoyamba pamaso pa anthu. A shehe anayang'ana kwa ine. Ndinali mjomba wa mkazi, ndinalinso bambo wa mwamuna, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinati talaka palibe, ndatero ine. Mawu anga onse anali amenewo. Amake Idrisa anaimirira, nakutumula chitenje, nalowa m'nyumba.

Ndisaname kuti zonse zinatha bwino. Idrisa sanamusiye Hawa, koma anabwerera ku Joni, ndipo foni yake imalira patalipatali. Amayi ake sanavomereze mpaka lero. Hawa anasamukira kwa achemwali. Mariamu ali moyo chifukwa, monga ananenera madokotala, asilikali ake timanja ali nato pang'ono, tofooka, pamene mchimwene wake mwina analibiretu. Amamwa mankhwala tsiku lililonse. Nkhama zake zimatupa, mano amagwedera, ndipo kukandika ndi minga, kumene kwa anzake n'kongopukuta ndi malovu, kwa iye ndi ulendo wa kuchipatala. Chithandizo chenicheni, ati, n'kumuika mafuta a m'mafupa a munthu wina kuti ayambe kupanga asilikali a manja, ndipo zimenezo kuno sizichitika. Achemwali ankafunsabe nthawi iliyonse akapita ku Blantyre, ngati kuti mwina zasintha usiku.

Mikangano yawo yomaliza yonse inali ya pathupi pa mwanayu. Anakana kuti amumete ndi lezala, anachita kumudula tsitsi ndi sizasi. Anakana kumuboola makutu, ngakhale atsikana anzake onse ali ndi ndolo. Munthu wina wabwino mtima atabwera ndi nzeru yomutema mphini kuti akhwime, anamuperekeza mpaka kumsewu, ndipo zimene anamuuza m'njiramo sizilembeka.

Kuchokera pa Mariamu anayamba kuona nkhani ya kugwira paliponse. Mwana wa mnansi atakomoka ndi malungo, anatiuza kuti pamenepo ndi maselo ofiira amene amata m'timitsempha ta mu ubongo, pomwe sayenera kumata. Za ana aja obadwa ndi magazi opindika, olira ndi mafupa nyengo yozizira, ankati nawonso maselo awo amakakamira m'njira n'kutseka. Ankakonda kunena kuti kugwira pang'ono ndi matenda, kugwiritsa ndi matendanso. Iwo eni mbali yachiwiriyo inkawavuta. Ndi amake Idrisa sanadyerenso mbale imodzi, ngakhale pa Idi.

Kukabadwa mwana m'mudzi muno, ankafika osaitanidwa, n'kuima pawindo kufunsa ngati mchombo wagwa. Ena ankatseka makatani akawaona. Koma chikuta sankadana nacho. Ankati makolo anaganiza bwino, chifukwa chimateteza khanda ku chifuwa cha alendo ndipo mayi amapuma. Ankangoti nyumba iliyonse imakhala ndi chitseko, ndipo chikuta chopanda chitseko ndi manda.

Kuuma mutu kumeneku anabadwa nako. Bambo athu, Che Jafali, sankafuna kumva za sukulu ya amishoni. Masiku amenewo ankati mwana akapita kumeneko amabwera atadya nkhumba, dzina litasintha. Ine ndinamvera, ndinapita kunyanja. Achemwali ankanyamula chidebe ngati akupita kukatunga madzi, n'kuchibisa m'bango, n'kuthamangira kusukulu. Bambo atazindikira anawakwapula mpaka mayi athu anachita kugwira dzanja. M'mawa mwake chidebe chinapezekanso m'bango. Anaphunzira mpaka anavala zoyera, nagwira ntchito m'zipatala zazing'ono za boma lino, koma dzina sanasinthe ndipo swala, mapemphero athu a tsiku ndi tsiku, sanaisiye. Ine anandikankhira kusukulu ya kwacha imvi zitamera kale. Anati atopa kundiwerengera mapepala a mankhwala ngati ndine khanda.

Chinawatenga ndi chilonda. Kanayamba ngati kanthu kochepa pachala cha kuphazi, shuga uja n'kukakuza. Tsiku lina ndinawapeza pakhonde atakokera phazi lawo kumphuno movutikira. Anandiyang'ana n'kunena kuti ichi n'cha kuchipatala, koma chachedwa. Anapitabe. Masabata awo omaliza, ndikapita kukawaona, sankafuna kumva za mvula kapena za mitengo ya nsomba.

"Nena, Saidi. Magazi amapangidwa kuti?"

"Achemwali, pumulani."

"Ndipumula kokwanira posachedwa. Nena. Mafinya ndi chiyani?"

Ndinkanena ngati mwana wa kumadrasa, odwala a m'mabedi oyandikana akuseka. Ndikalakwitsa ankandibwezera poyambira. Hawa ankamufunsanso chimodzimodzi, koma iye sankalakwitsa.

Titangowaika, Mariamu anatuluka chilonda pamwendo. M'nyumba mwanga momwe ndinamva mawu akuti wobisa uja wapita, tione tsopano. Ndapempha a shehe kuti tsiku la sadaka, anthu akatha kudya, andipatse mpata. Ndidzanena zonse, kuyambira m'mafupa mpaka pachilonda, ndipo ndidzanena kuti magaziwo anadzera mwa ine. Ndilibe lilime la Abiti Jafali. Amene adzafune kuseka nkhalamba yophunzira mochedwa adzaseke, koma adzamva mpaka kumapeto. Sadaka ikapita ndidzanenanso, pa ukwati, pa maliro, kudooko, mpaka atope nane.

Nyumba yawo ili monga anaisiyira, kupatula kuti m'chipinda mwawo matiresi tinachotsa, patsala bedi lachitsulo ndi mawaya ake. Hawa amasesamo koma sagonamo. Pakhonde pali mpando wansungwi wofupikitsidwa miyendo, umene anaudulitsa kuti mapazi awo azifika pansi. Palibe wamkulu amene angakhalepo bwino, ndipo ana amauopa. M'mawa uliwonse Hawa amatulutsa beseni la madzi owiritsa n'kutsuka mwendo wa Mariamu patsogolo pa mpandowo. Mwanayo anazolowera kutsamira mawondo a anganga ake mankhwala akamaluma. Tsopano amayamba kupendekera chambuyo, n'kukumbuka, n'kudziwongola yekha.

Ine ndimakhala pasitepe, moyang'ana njira ya kumsika, kuti wodutsa aliyense aone pakhomo pamene mwini mbumba wakhala. Ena amapereka moni kwa Hawa. Ena amapereka kwa ine ndekha, maso atawaponya kumbali. Oterowo ndimawaitana ndi dzina, n'kuwafunsa ngati mwini nyumba sanamuone. Amabwerera. Kumbuyo kwanga, pampando uja, pamakhala chete, palibe wowonjezerapo mawu.